Zala Zathu Zinkadziwa Njira

Nyimbo za m'makina zinafika kwathu ku Chintheche m'masutikesi a anthu obwera ku ulendo. Ife Atonga a m'mbali mwa nyanja tinayamba kalekale kupita kunja kukagwira ntchito. Amishoni a Livingstonia atasamukira pa Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, sukulu yawo inatulutsa anyamata odziwa kulemba ndi kuwerengera, koma kuno kunalibe ntchito yoti agwire. Choncho ankapita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Joni, ena mpaka ku Cape Town monga Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anakayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU mu 1919. Pobwerera ankanyamula jekete, chipewa ndi nsapato zonyezimira. Amene zinamuyendera bwino ankanyamulanso galamafoni.

Galamafoni yoyamba imene ndinaiona ndi maso anga inali ya amalume. Ankaitulutsa Lamlungu masana tikaweruka ku tchalitchi, n'kuiika pa tebulo pansi pa mtengo wa mango. Choyamba ankapukuta mbale ndi kansalu, kenaka n'kutsegula kachitini ka masingano, n'kusankhamo imodzi. Akatero ankapukusa chogwirira cha pambali mpaka chilimbe. Ife ana tinkakhala pa mchenga, manja kumbuyo, poti mbale zija zinkasweka zikangogwa. Mphamvu ikayamba kutha, mawu a woimba ankalemera ndi kukokeka, ife n'kufa nazo kuseka, amalume n'kuthamangira kukapukusanso. Zochita zake zinali zomwezo: kupukuta, kupukusa, kutsitsa singano. Amene waonerera kawiri wadziwa, ndipo zimene wadziwazo zinkamuthandiza moyo wake wonse.

Kenaka kunabwera wailesi. Mu 1949 ku Lusaka kunatuluka kawailesi ka mtengo wotsika, kabuluu, kooneka ngati sefuliya, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready. Kankagulidwa mapaundi 5, batire yake yaikulu n'kugula payokha. Mphunzitsi wina wa m'dera lathu anali nako. Anamanga waya wautali kuchokera pa denga kukafika pa mtengo, ndipo madzulo bwalo lake linkadzaza. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkalankhula Chinyanja pa nthawi yake, Chibemba pa nthawi yake, ndipo kumeneko ndi kumene tinamvera mawu a Alick Nkhata ndi gitala wake. Akuluakulu ankangoti pukupuku mitu, kudabwa kuti munthu ali ku Rhodesia koma akumveka pa gombe la Chintheche.

Koma wailesi imene inandilera ndi ya Ada, bambo anga. MBC itayamba mu 1964, pasanapite zaka zambiri m'masitolo munadzaza mawailesi a Nzeru, olumikizidwa ku Blantyre konkuno. Ada anagula yawo atagulitsa usipa wa nyengo yonse. Ama, mayi anga, anaisokera kathumba ka nsalu kuti isalowe mchenga, n'kusiya poonekera zopotokola ziwiri zokha: china chotsegulira ndi kukweza mawu, china chosakira siteshoni. Pa galasi la kutsogolo Ada anakanda timizere tiwiri ndi nsonga ya mpeni, kena posonyeza pamene Blantyre imamvekera masana, kena pamene imamvekera usiku. Mabatire akafooka tinkawayanika pa dzuwa pamodzi ndi chinangwa cha kondowole, madzulo n'kulankhulako pang'ono.

Agogo anga aakazi, amayi a Ada, pa nthawiyo maso awo anali atachita khungu. Sankatha kusiyanitsa mdzukulu ndi mdzukulu pokhapokha alankhule. Koma wailesi ija ankaiyatsa okha. Ankaipapasa pa alumali, n'kuikhazika pa miyendo, chala chachikulu n'kupeza chopotokola cha kumanzere. Ikati thwa, ankagwira cha kumanja n'kumapotokola pang'onopang'ono, khutu atalitchera, kudutsa phokoso, kudutsa Chiswahili cha kutsidya, kudutsa Chipwitikizi, mpaka amve mawu a kwathu. Akawapeza ankati, "Ndi ameneyu," n'kuchotsa dzanja. Gogo wosaona, wosapita ku sukulu, ankayendetsa makina a azungu popanda kupempha munthu. Zinkatheka chifukwa chimodzi: chopotokola chimene anachisiya kumanzere dzulo ankachipezanso kumanzere lero.

Wailesi ija inkatiuzanso nthawi. Kukamveka Tadzuka Sitidziwa Anzathu tinkadziwa kuti kwacha. Zokonda Amayi ikayamba, Ama ankasinja akuimba nawo. Sewero la Kapalepale linkasonkhanitsa mudzi, ndipo mawa lake pa dooko anthu ankatsutsana za amene analakwa ngati kuti ndi mlandu weniweni. Usiku kunali Nkhani za m'Maboma, ndipo akatchula Nkhata Bay tinkakodolana. Ikafika nthawi ya mauthenga achisoni aliyense ankakhala chete, ngakhale mwana, popeza abale athu anali balalabalala m'dziko muno ndi kunja, ndipo maliro ambiri tinkawamvera pamenepo.

Sindikunena kuti kale kunalibe zosintha zotikhumudwitsa. Mu 1968 boma linalamula kuti pa wailesi pazimveka Chichewa ndi Chingerezi basi, Chitumbuka n'kuchotsedwa. Kumpoto kuno zinatiwawa, ndipo palibe anatifunsa. Zilankhulo zina zinadzamvekanso pa MBC pambuyo pa 1994, Chitonga chathu n'kupezako mpata wa nkhani. Komabe ngakhale pa nthawi yowawayo, chimene chinasintha ndi zotuluka mu wailesi. Wailesiyo inali yathu, ndipo palibe nduna imene inabwera usiku kudzasuntha zopotokola.

Makaseti atafika tinayamba kusankha tokha zomvera. Munthu akapita ku Blantyre tinkamutuma kwa O.G. Issa kuti atigulire Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band, kapena Alleluya Band ya ku Balaka. Mu 1994 kaseti ya Lucius Banda ya Son of a Poor Man inamveka m'golosale iliyonse pa Chintheche. Pofuna kusunga mabatire, tinkabweza kaseti ndi bolopeni, kuizunguza m'mwamba mpaka ifike poyambira. Tepi ikadyedwa tinkaisolola mosamala, n'kudula popindika, n'kulumikiza ndi kyutekisi wa atsikana. Nyimbo inkadumpha pamenepo, ndipo tinkazolowera kudumphako mpaka kumaimba nako. Mabatani anali asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo pa wailesi iliyonse, kaya yogula ku Mzuzu kaya yobwera nayo ku Joni, ankagwira ntchito yomweyo.

Lero ndili ndi foni yotsetsereka imene ananditumizira mdzukulu wanga wa ku Johannesburg. Sindine mmodzi wa okalamba amene amati za makono zonse n'zoipa. Foni imeneyi inandibwezera nyimbo zimene ndinkayesa kuti zinapita ndi makaseti odyedwa ndi chinyezi cha kunyanja. Ndinamvanso gitala wa Daniel Kachamba. Ndinapeza makwaya oimba nyimbo za m'tchalitchi monga tinkaimbira pa Bandawe. Njira yomweyi ndi imene inatengera Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, kwa achinyamata a maiko akutali ataimba Linny Hoo ndi Patience Namadingo mu 2020. Gasper Nali wa konkuno ku Nkhata Bay, ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi, anadziwika kunja chifukwa cha kanema wa pa intaneti. Pamene chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinkayamba pa Chintheche Inn mu 2004, alendo ankachita kukwera ndege kuti adzamve oimba athu. Lero amawamva ali m'nyumba zawo. Zimenezi n'zabwino, ndipo ndimaziyamikira.

Mdzukulu wina wa pakhomo pano anandiikira apu yomvera nyimbo, n'kundiphunzitsa moleza mtima. Zala zanga n'zouma ndi nkhafi ndi maukonde, ndipo foni nthawi zina siizimva. Komabe ndinaloweza njira: kudina chizindikiro cha pakona ya pansi, kenaka mzere wachiwiri, apo pali nyimbo zanga zonse zimene tinasonkhanitsa. Ndinafika poti ndinkazipeza osavala magalasi, ndipo ndinkanyada.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina nditatsegula, ndinapeza zonse zasintha. Pakona panga panali chinthu china. Zilembo zinachepa, zithunzi zinakula, ndipo zinayamba kuyenda zokha. Ndisanadine kalikonse, mnyamata wina amene sindimudziwa anayamba kuvina ndi kukuwa m'manja mwanga. Ndikati ndimuchotse, kunkabwera mnzake. Nyimbo zanga osaoneka. Bandulo imene inkandifikitsa kumapeto a sabata inatha dzuwa lisanalowe, poti makanema odziyatsa okhawo amadya kwambiri kuposa nyimbo.

Ndinaitana mdzukulu uja. "Iwe, wagwira foni yanga?"

"Ayi agogo, ndi apudeti imeneyo. Yasintha yokha usiku."

"Wailamula ndani?"

"Eni ake, agogo. Musadandaule, muzolowera."

Anafufuza, ndipo ngakhale iye zinamutengera kanthawi. Nyimbo zanga anazipeza zitabisidwa kuseri kwa kachithunzi kakang'ono pamwamba, kumene munthu umafika utadina katatu. Anandilangiza, ndinagwedeza mutu, koma mawa lake ndinamuitananso. Chimene chinandipweteka si kutayika kwa nyimbo, poti sizinatayike. Chinandipweteka n'chakuti dzulo ndinali munthu wodzidalira, lero ndasanduka wodikira mwana abwere ku sukulu kuti andiyatsire nyimbo. Agogo anga osaona aja sanafikepo pamenepo.

Msodzi wa khoka la chilimira amapeza chirundu chake, malo osonkhana nsomba, pakati pa nyanja popanda chikwangwani. Amayang'ana kumtunda, n'kulunjikitsa mtengo wakuti ndi nsonga ya phiri lakuti, ndipo zikagwirizana amadziwa kuti utaka uli pansi pake. Nzeru imeneyo amaisonkhanitsa zaka zambiri. Tsono wina atasuntha phirilo usiku, n'kunena kuti pamene laikidwa tsopano ndiye pokongola, msodziyo sanasanduke mbuli. Amuchotsera chuma chimene anachigwirira ntchito. Opanga maapu akasuntha mabatani amaona ngati angokonza maonekedwe, osadziwa kuti afufuta zimene anthu anaphunzira movutikira.

Mdzukulu wa ku Johannesburg uja anandifotokozera pa foni chifukwa chake zimatero. Nyimbo zimene timamvera mu apu sizikhala m'foni mwathu. Zimakhala m'makompyuta akuluakulu kunja, ndipo nthawi iliyonse tikamvera timakhala tikubwereka, n'kulipira mtengatenga ndi bandulo. Eni ake amapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsa ndi kwa olipira pamwezi, choncho amawerenga mphindi zimene munthu wakhala mu apu. Amatha kuonetsa gulu lina maonekedwe awa, gulu lina maonekedwe ena, n'kusankha amene agwira anthu nthawi yaitali. Munthu ngati ine, wolowa n'kupeza Namoko wake n'kuika foni m'thumba, sindiwapindulitsa kwenikweni. Amafuna woyendayenda, woona ichi n'kuona icho. N'chifukwa chake zimene ukufuna amaziika kuseri, zimene akufuna iwo n'kuziika pakhomo.

Anandiuzanso kuti odandaula si okalamba a ku Chintheche okha. Spotify, imene inafika ku Malawi mu 2021, inasintha tsamba lake loyamba mu Marichi 2023 kuti lizionetsa timakanema totsetsereka ngati ta TikTok, ndipo anthu ambiri m'maiko olemera anadandaula. Netflix nayo inasintha maonekedwe ake a pa TV mu 2025, dandaulo n'kukhala lomwelo: zinthu zathu mwaziika kuti? Ngati akulira a maso akuthwa, okhala ndi intaneti yosatha m'nyumba, nanga ife ogula bandulo ya tsiku limodzi, amene netiweki imatithawa mvula ikangoyamba ku mapiri a Viphya?

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndinapita pa msika wa Chintheche kwa anyamata oika nyimbo m'makhadi, ndinawatchulira oimba anga mmodzimmodzi, iwo n'kundiikira mu memori khadi. Khadiyo ndinailowetsa mu kawailesi kotchaja ndi dzuwa, ka mabatani oti ukadina umamva kuti wadina. Asodzi ambiri pa gombe pano amachita chimodzimodzi, chifukwa pakati pa nyanja usiku, manja ali onyowa, palibe amene ali ndi nthawi yosakasaka m'foni. Apu ija sindinaichotse. Ndimaitsegula adzukulu akakhala pafupi, ndipo nthawi zina amandipezera nyimbo ya malipenga kapena ya chilimika imene wina anajambula kumudzi kwina, tonse n'kusangalala.

Ana athu ambiri tsopano akuphunzira za makompyuta ku Mzuzu University ndi kwina, ndipo tsiku lina adzapanga maapu awoawo a nyimbo zathu. Kwa iwo ndili ndi pempho, ana anga. Onjezerani zatsopano mmene mungathere, koma chimene munthu anachizolowera chisiyeni pamene chili. Mukafuna kusintha, tichenjezeni, ndipo mutisiyire njira yobwerera ku zakale. Zilembo zikhale zoti wa ng'ala aziona. Kanema asayambe yekha munthu asanamuitane, poti bandulo imeneyo ndi ndalama ya ndiwo. Ndipo musanatulutse chinthu chanu, kachipatseni kaye agogo anu kumudzi, inu n'kukhala pambali osawathandiza. Akapeza okha nyimbo yawo lero, n'kudzaipezanso okha mwezi wamawa, mwagwira ntchito, ndipo ife tidzagula mabandulo osang'ung'udza.