Kumene dzuwa limabisala miyezi iwiri

Sabata ino tiyeni tichokeko pang'ono kuno kwathu, tipite kutali kumpoto kwa dziko lapansi, ku mzinda wa Tromsø m'dziko la Norway. Amene adapondako kumeneko ndi mphwanga, wachitatu kubadwa m'nyumba mwathu, yemwe adakhalako zaka ziwiri akuphunzira za kasamalidwe ka nsomba pa yunivesite ya mumzindamo. Zomwe ndikulemberani pano ndi zimene adandisimbira, zina pa lamya ali komweko, zina titakhala pakhonde ku Ulongwe iye atabwerako.

Mnyamatayu adapita pa thandizo limene boma la Norway linkapereka kwa ophunzira a m'maiko osauka kuyambira 1994 mpaka 2016, ndipo iye adali m'gulu la zaka zomaliza. Atatera ku Oslo, likulu la dzikolo, adakweranso ndege ina ya maola pafupifupi awiri kulunjika kumpoto. Tromsø ndi mzinda wa pachilumba, wolumikizidwa ku mtunda ndi mlatho wautali womwe udatsegulidwa mu 1960. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 350 kupitirira mzere wa Arctic, ndipo yunivesite yake idayamba kuphunzitsa mu 1972.

Adafika mu Ogasiti, nyengo ili bwino, usiku uli waufupi. Chinthu choyamba kumudabwitsa chidali bata la anthu. Tsiku loyamba kukwera basi adapereka moni kwa mayi wina wachikulire monga tidaleredwera. Mayiyo adangomwetulira pang'ono n'kuyang'ana kuzenera. Basi yonse idali zii! Munthu aliyense pampando wake, ndipo pomwe pali mpando wina wopanda munthu, palibe wokhala pafupi ndi mnzake. Kwathu kuno mukakwera chapa ku Tete, pofika pa Zobue mwadziwana kale mfunda ndi mudzi, mwagawana ndi nthochi zomwe. Mphwanga adaganiza kuti anthuwo akumunyansidwa chifukwa cha khungu lake, ndipo maganizo amenewa adakhala nawo miyezi itatu osauza munthu.

Kenaka udabwera mdima. Kumeneko dzuwa limalowa chakumapeto kwa Novembala ndipo silionekanso mpaka cha pa 21 Januwale. Masana kumangoyera pang'ono kwa maola ochepa ngati m'bandakucha, kenaka n'kudanso. Amapita kusukulu kuli mdima, amabwerako kuli mdima. Tulo tidamusokonekera, chakudya sichinkamukomanso. Anzake masana ankangotulutsa buledi woyala wokulunga m'pepala, womwe amautcha matpakke, ena atapakapo tchizi chofiirira chotsekemera chotchedwa brunost. Mwana woleredwa ndi nsima ya mgaiwa ndi nyemba za ku Angónia ankangodzifunsa kuti kodi anthuwa amakhuta bwanji.

Usiku wina wa mu Disembala adandiimbira lamya mawu akunjenjemera. “Achimwene, ndatopa. Ndifuna kubwerera kumudzi, maphunzirowa ndawalephera.” Ndidakhala chete kanthawi, chifukwa ndinkadziwa mbuzi zimene mayi athu adagulitsa kuti mwanayu afike pamene adafikapo. Ndidangomuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ayembekeze kaye mpaka dzuwa litatuluka, ndipo akadzafunabe kubwera ine sindidzamuletsa. Kunena zoona, ine ndemwe sindidagone usiku umenewo.

Adamupulumutsa ndi mnyamata wa ku Norway wa chipinda choyandikana naye, yemwe kwa miyezi yonseyo ankangomugwedezera mutu akakumana kukhitchini. Tsiku lina adagogoda pachitseko atanyamula botolo la mafuta a chiwindi cha nsomba, omwe eni ake amati tran. Adamuuza kuti azimwa supuni imodzi m'mawa uliwonse, chifukwa thupi losawombedwa ndi dzuwa limasowa vitamini D. Loweruka lake adamubwereka matabwa aja oyendera pa chipale, otchedwa ski, n'kupita naye pa njira ya m'nkhalango ya pachilumbapo imene imayatsidwa magetsi. Akuti adagwa kosawerengeka, zovala zonse kunyowa. Ali pansi chomwecho adakweza maso n'kuona kumwamba kukuyenda kuwala kobiriwira ngati nsalu yowuluzika ndi mphepo, komwe iwo amati nordlys. Ndi tsiku limenelo pamene adasekanso koyamba.

Mnzakeyo ndiye adamumasulira za m'basi muja. Adati kwawoko kusamuyamba munthu wosamudziwa ndi ulemu, ndiko kuti usamusokoneze pa maganizo ake, ndipo amachita chimodzimodzi ngakhale kwa anzawo a dziko lomwelo. Iye mwini adaona kalekale kuti mphwanga sali bwino, koma adatenga milungu akudzifunsa ngati kugogoda sikukhala kulowerera za eni.

Dzuwa litasuzumira pa mapiri mu Januwale, mzinda udasangalala. Ana a sukulu adatuluka panja kukalilonjera, ndipo anthu adadya mabanzi otsekemera otchedwa solboller, ndiye kuti mabanzi a dzuwa. Mphwanga za kubwerera sadazitchulenso.

Nkhani ya nsomba ndiyo idamukhudza kwambiri. Kuyambira Januwale mpaka Epulo nsomba yaikulu yotchedwa skrei imachoka ku nyanja ya Barents kudzaswana kufupi ndi zilumba za Lofoten. Asodzi amaipachika pa mathandala aatali a mitengo kuti iume ndi mphepo yozizira popanda mchere, ndipo yotereyi imagulitsidwa kwambiri ku Italy ndi ku Nigeria. Ina amaithira mchere n'kuiumitsa, n'kuitumiza ku Portugal ndi ku Brazil. Imeneyi ndi bacalhau ija timaiona m'masitolo a ku Tete ndi ku Maputo pa Khrisimasi. “Achimwene, moyo wanga wonse ndinkayesa kuti ndi nsomba ya Apwitikizi,” adatero akuseka. Adaonanso momwe boma ndi akatswiri amaikira mlingo wa nsomba zoti zigwidwe chaka chilichonse, ndi momwe asodzi amalembera zonse zimene afika nazo padoko. Apa mtima wake udapita pa kapenta wa ku Cahora Bassa ndi usipa wa ku nyanja ya Niassa.

Chipale chitasungunuka, pachitseko cha nyumba yawo padamatidwa pepala loitana onse ku dugnad. Atatuluka adapeza anthu omwe aja osalankhulana ali ndi matsache, mafosholo ndi mawilibala, akusesa bwalo ndi kupenta mipanda popanda wolandira khobidi. Ntchito itatha adamwa khofi pamodzi, macheza ali pakamwa. Mphwanga adazindikira msanga kuti ili ndi dima lomwe lija la kwathu, kusiyana kwake n'koti m'malo mwa mowa wa masese padali khofi. Patangopita masiku ochepa, pa 17 Meyi, tsiku lokumbukira malamulo a dzikolo a mu 1814, misewu idadzaza. M'malo mwa asilikali ndi mfuti, oguba adali ana a sukulu ndi timbendera, makolo awo atavala zovala za makolo zotchedwa bunad. Sabata yomweyo dzuwa lidaleka kulowa, ndipo kwa miyezi iwiri ankagona atatchinga zenera ndi bulangete.

Kwa inu achinyamata amene mukulakalaka ulendo wotere, dziwani kuti zinthu zidasintha. Thandizo lija lidatha mu 2016, ndipo mu 2023 Norway idayamba kulipiritsa ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya, pomwe kale ankaphunzira ulere. Fufuzani bwino za ndalama musanayambe kutsanzika abale. Ndipo inu makolo amene muli ndi mwana kunja, muimbireni kawirikawiri, makamaka m'miyezi ya mdima, chifukwa mwana wamanyazi sanena msanga kuti zamuvuta.

Mphwanga adamaliza maphunziro ake ndipo lero akugwira ntchito ndi asodzi kuno kwathu. Mnzake uja amalemberana nayebe, ndipo adalonjeza kudzabwera kudzalawa nsima ya kapenta. Mayi athu adati akadzafika adzamupatsa moni katatu, afune asafune. Tikumanenso sabata yamawa pa tsamba lomwe lino.