Kuthamanga sikufika: batire linandithera pa Chowe

Amalume atabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamagetsi, ku Namwera aliyense ankaicheukira. Ine ndiye ndinkaisirira koopsa. Mwayi unapezeka tsiku lina mu July, mankhwala a BP a anganga atatha, pofunika woti atsikire ku boma la Mangochi kukagula.

"Mphwanga, usaithamangitse. Uzipalasako," anatero amalume.

"Chabwino amalume," ndinayankha, mtima uli kale pamsewu.

Popita zinali bwinobwino. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 40, koma mbali yaikulu ndi mtsetse, choncho batire silinadyeke kwenikweni. Apa ndi pomwe ndinanamizika.

Pobwerera, nditangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire, ndinaikoka mpaka pamapeto, miyendo ili phee, akabaza ndikungowadutsa. Mwera unkandiomba kumaso koma sindinasamale. Nditayamba kukwera mapiri a Chowe, timizere ta batire tinazima kamodzikamodzi, kenako njinga inangoti zii.

Abale, njinga yamagetsi ikathima imalemera ngati yamangidwa thumba la chimanga. Ndinakankha, thukuta kamukamu, dzuwa likulowa, mankhwala a anganga ali m'thumba.

Zimene ndinaphunzira pambuyo pake ndi izi. Batire lili ngati ndowa: madzi ake ndi omwewo basi. La amalume ndi la 36V, 10Ah, kutanthauza 360Wh. Pamsewu wosakwera, chimene chimadya kwambiri mphamvuyi ukathamanga ndi mphepo. Ukachoka pa liwiro la makilomita 15 pa ola n'kufika pa 30, mphepo yolimbana nawe siwirikiza kawiri ayi, imawirikiza kanayi. Ndiye kuti kilomita iliyonse ikukudyera zambiri. Onjezanipo mwera, chitunda, katundu ndi matayala osapopa bwino, ndowa ija yauma ulendo usanathe. Mphamvu yokwerera Chowe ndinaimwaza kuchigwa pofuna kuwonetsa akabaza.

Ndinafika mdima utagwa. Anganga anali pakhonde, osadya, nthawi yomwera mankhwala itadutsa. Sanafunse za mankhwalawo, anangondigwira dzanja n'kuti, "Wafika, mdzukulu wanga?" Zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Masiku ano amalume akandibwereka, sindipyola makilomita 20 pa ola, ndipo ndimapalasa. Akabaza ena amandipitirira akuseka. Ndimangowasiya, ine Chowe ndimamukwera ndili pachishalo.