Kunola Mpeni wa Puleni

Mpeni wa puleni uli ndi mbali ziwiri: msana wake wosalala, ndi mbali yosendekera imene imagona pa mwala wonolera. Kuthwa kwa mpeni kumakhala pamene mbali ziwirizi zakumana. Akalipentala ambiri a m'mashedi a m'mphepete mwa msewu wa M1 ku Dedza amalimbikira mbali yosendekerayo n'kuiwala msana, n'chifukwa chake mpeni wawo umabuntha asanamalize n'komwe chitseko chimodzi.

Mpeni watsopano, kapena wogulidwa pa salaula wa zitsulo, umayamba wagonekedwa chamsana pa mwala, n'kukwechedwa mpaka kachigawo ka kunsonga kawale mofanana kuchoka m'mphepete mpaka m'mphepete. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa koma imachitika kamodzi. Ku Dedza nkhani ya msana ndi yaikulu chifukwa cha nyengo. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nkhungu ya mu June ndi July imalowa ngakhale m'bokosi la zida. Dzimbiri likadya msana limasiya timaenje, ndipo kaenje kakafika pa nsonga, mpeni umalemba mzere pa thabwa ngakhale unoledwe bwanji. Kupaka oyilo pang'ono madzulo aliwonse kumateteza zimenezi.

Mbali yosendekera imanoledwa pa madigiri 25. Ogwiritsa ntchito gilayinda ya magetsi ayenera kuviika mpeni m'madzi pafupipafupi, chifukwa nsonga ikasanduka yabuluu ndiye kuti chitsulo chapsa, chafewa, ndipo sichisunganso kuthwa. Pa mwala wonolera, wothiridwa oyilo wosakaniza ndi palafini, mmisiri amakweza mpeni pang'ono kufika madigiri 30 kuti nsonga yokha ndiyo idye mwala. Zigongono zimakhala zomata m'nthiti, thupi lonse ndilo limayenda. Mwala wonse ugwiritsidwe ntchito, osati pakati pokha, apo ayi umakumbika ngati mphero. Chala chikamva kachitsulo kopindikira kumsana m'lifupi lonse la mpeni, kunola kwakwana. Kachitsuloko kamachotsedwa pogoneka msana pa mwala kangapo, kenaka n'kupukuta pa lamba wakale wachikopa.

Maonekedwe a nsonga amatengera ntchito. Puleni yoyambira, monga Stanley nambala 5, imafuna nsonga yokhota pang'ono kuti ilume mozama pa matabwa ochekedwa ndi sowo ya anthu awiri. Yosalalitsira, nambala 4, imakhala yowongoka koma ngodya zake ziwiri zimafufutidwa kuti zisasiye mizere. Chitsulo chophimba mpeni chimamangidwa pafupifupi milimita imodzi kuchokera ku nsonga, ndipo chigwirane ndi msana popanda mpata.

Mtengo nawo uli ndi mawu ake. Matabwa ambiri a kuno ndi a paini wochokera ku nkhalango za Chongoni ndi phiri la Dedza. Ena amaganiza kuti popeza paini ndi wofewa, mpeni wobuntha ungakwanire. Sizili choncho: paini amafuna mpeni wakuthwa kuposa mlombwa kapena mbawa, chifukwa wobuntha umangofinya ulusi wa thabwa m'malo moudula. Mfundo za paini n'zolimba moti zimabenthula nsonga, utomoni wake umamata pa mpeni mpaka utapukutidwa ndi palafini, ndipo mchenga umene matabwa amatola pokhwekhwerezedwa kunkhalango uyenera kusesedwa ndi burashi puleni isanakhudze thabwa.