Mwana Wotenthetsa Mababu Pachitofu

Mundy Hepburn wa ku Old Saybrook, m'chigawo cha Connecticut ku America, amaumba zinthu zagalasi zoyaka ndi magetsi. Amafewetsa galasi pamoto, n'kuliuzira mpaka lioneke ngati duwa kapena chamoyo cha m'nyanja. Kenako amapopa mpweya wonse wa m'katimo, n'kulowetsamo pang'ono mipweya yotchedwa neon, argon, krypton kapena xenon. Magetsi akadutsamo, mpweyawo umasanduka chimene asayansi amachitcha plasma, ndipo umawala. Neon imafiira psuu ngati khala lamoto, pomwe inayo imatulutsa mitundu ya buluu, pepo ndi yoyera.

Ntchitoyi sifuna phuma. Kachinyezi kakatsalira m'kati, kuwala kumaonongeka. Galasi likazizira mofulumira, limathetheka.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi chiyambi chake. Munthuyu anabadwa mu 1955. Ali ndi zaka 8 anaona mmisiri akuuzira galasi pachionetsero china, ndipo atafika kunyumba anayamba kutenthetsa mababu pachitofu cha kukhitchini.

Ndine mayi wa ana atatu, ndipo wachiwiriyo sasiya tochi kapena wailesi osaiphwasula. Nditamupeza akuotcha babu, mawu anga oyamba angakhale akuti, "Iwe, tasiya zimenezo!" Ndipo m'pomveka. Galasi lotentha silisiyana maonekedwe ndi lozizira. M'machubu a magetsi ndi m'mababu opotanapotana aja muli mercury, poizoni woononga ubongo ndi impso. Zimenezi si zidole ayi.

Komabe kuletsa ngozi n'kwina, kuzimitsa chidwi n'kwinanso. Tikangokalipa osamupatsa china chochita, mwana amasiyiratu kufunsa, kapena amakayesera kuseri kumene kulibe womuyang'anira. Zonse ziwirizi zimandiopsa.

N'chifukwa chake ine ndi bambo ake tinagwirizana zomupatsa katoni yakeyake. Muli mabatire a tochi, mawaya ndi timababu ta LED. Lamulungu masana bambo ake amakhala naye pakhonde n'kumalumikiza limodzi. Lamulo n'limodzi lokha: soketi ndi moto sakhudza popanda wamkulu.

Mwina sadzaumba galasi ngati Hepburn. Koma akuphunzira kudekha, kusamala zala zake, ndiponso kubwera kwa ife akakhala ndi funso. Makolo anzanga, mwana akaononga kanthu, musanadzudzule yambani mwamufunsa chimene amafuna kuona m'katimo.