Dzuwa ndi laulere, nanga mabatire?

Azakhali anga ali ndi resitihausi ya zipinda zisanu ndi chimodzi pa Chikweo, ku Machinga. Musaganize za mahotela a ku Mangochi ayi. Ogona pamenepo ndi ogula nsomba za ku nyanja ya Chiuta, mavenda a mpunga ndi nandolo, komanso a mabungwe amene kwawadera asanabwerere ku Liwonde. Mlendo wotere amangofuna madzi osamba, kuwala ndi pochajira foni basi.

Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankatha maola ambirimbiri osayaka. Azakhali anadalira jenereta. Kenako kwacha inagwa mu Meyi chaka chomwecho, petulo n'kuyamba kusowa, wa m'zigubu mtengo wake wosayamba. Nditayang'ana m'kope lawo la ndalama ndinaona kuti usiku wa alendo awiri, ndalama ya chipinda chimodzi inkathera m'jenereta.

Apa m'pamene ine, mwana wa sukulu wa m'tauni, ndinabwera ndi nzeru.

"Azakhali, ikani sola. Dzuwa la kunoli ndi laulere."

"Dzuwa ndi laulere, mwanangu. Nanga mabatire?"

Ndinaseka. Iwo anakatenga ngongole ku banki mkhonde, yachiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi, ine ndinapita ku Limbe kukagula katundu. Ndinasankha mabatire otchipa kuti ndalama ikwanire, ndipo ndinabwerako ndikudzitama kuti ndanenerera bwino. Tinalumikiza zonse, mpaka fuliji. Alendo ena ankalumikizanso ketulo ndi ayironi m'zipinda. Sindinkadziwa kuti batire ya mtundu umenewo ikamatheratu moto usiku uliwonse imafa msanga. Isanathe miyezi isanu ndi iwiri, pofika 9 koloko usiku kunkakhala kuli mdima, ngongole isanathe.

Azakhali sanandikalipire. Anangondipatsa kope lija n'kunena kuti, "Werenga wekha." Kukalipiridwa kukanakhala bwino.

Ulendo wachiwiri tinaitana katswiri, amene anayamba wawerengetsa moto umene chinthu chilichonse chimadya asanatiuze zogula. Mababu onse tinaika a LED. Fuliji inayamba kuyaka masana okha dzuwa likuswa mtengo, usiku n'kumangosunga kuzizira. Ketulo ndi ayironi tinaletsa. Azakhali anagulitsa mbuzi zitatu, ine n'kuwonjezerapo malipiro anga a mwezi, chifukwa mlandu unali wanga. Mabatire abwinowo tinagula mu Seputembala 2023. Mu Novembala kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, katundu wa sola, yemwe amachokera kunja, n'kukwera mtengo. Imeneyo sinali nzeru yathu, unali mwayi chabe.

Chimene chinandidabwitsa n'choti phindu lenileni silinachokere pa petulo yekha. Mavenda anayamba kuuzana kuti kwa amayi aja kulibe phokoso la jenereta ndipo foni imadzuka yodzaza. Zipinda zinayamba kudzaza nthawi yokolola mpunga. Anthu apamsika amabweranso kudzachajitsa mafoni ndi kugula zakumwa zozizira, ndalama imene kale kunalibe.

Zoti tikuteteza chilengedwe ndimazinena motsitsa mawu, pakuti madzi osamba alendo timatenthetsabe ndi nkhuni, ndipo mabatire akufa aja akadali kuseri kwa khitchini, sitidziwa kokawataya.

Ngongole inatha. Mwezi uliwonse azakhali amapatula kandalama m'emvulopu imene analembapo kuti "batire", ndipo ine saloleza kuti ndiigwire.