Ndisanakwanitse Zaka 30

Agogo anga aakazi sadziwa chaka chimene adabadwa, ndipo zimenezi sizidawasowetsepo tulo. Ukawafunsa amangoti pa njala yaikulu ija, imene mabuku amaitcha ya 1949, iwo anali atayamba kale kusenza kamtsuko kuchokera kudambo. Kwa anthu amsinkhu wawo, ukulu sunkawerengedwa ndi manambala ayi. Mtsikana ankakula akatha msinkhu, nalangizidwa, nakwatiwa. Mnyamata ankakula akayamba kukhoma msonkho, akamanga nyumba yakeyake, kapena akapita ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Kwa ife obadwa m'ma 1990 zinthu nzosiyana. Tsiku lathu lobadwa lidalembedwa pakhadi la kusikelo, ndipo kuyambira 2017 timayenda nalo m'thumba pachiphaso cha unzika. Changa chikunena kuti mwezi wamawa ndikwanitsa zaka 30.

Nambala imeneyi ndi yaing'ono komanso yaikulu. Pamaso pa malamulo a dziko lino ndikadali mwana ndithu pa zinthu zina, pakuti munthu sangaime nawo pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko asanafike zaka 35. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'Malawi, oposa theka anali osakwana zaka 18. Tsono ndikakwera minibasi, ambiri mwa amene ndapanikizana nawo ndi ang'ono anga. Kondakitala amene kale ankati "mphwanga, sendera uko" lero amati "madala, tasunthani pang'ono". Sindidziwa tsiku limene adasintha mawuwo.

Zaka za m'ma 20 ndidazilowa mu 2016, chaka cha chilala, chimanga chitapserera m'minda kwathu ku Chiradzulu. Ndinali ndi kope momwe ndidalembamo zolinga zanga: ntchito pofika zaka 25, banja pa 27, nyumba ya malata pa 30. Sizinali zolinga za munthu wopusa. Ntchito ndidaipezadi nthawi isanakwane, yolemba kaundula wa katundu m'sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Limbe. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ndakhala ndikuwerenga malata a eni ake, kuwakweza m'magalimoto a eni ake, n'kumasunga pang'onopang'ono ndalama zogulira anga.

Koma chimene chidandikulitsa sichinali m'kope muja. Mu Januwale 2021, mliri wa Covid-19 utakolera kachiwiri, atsibweni anga adamwalira. Tidawaika mothamanga, popanda kugona pasiwa, anthu ataima patalipatali ngati odana. Kwathu mlongo wa amayi ndiye mwinimbumba. Ndiye amaweruza za minda, ndiye nkhoswe ya maukwati, ndiye amayankhula pamaliro. Amayi analibe mlongo wina. Titasesa, adandiitanira kuseri kwa nkhokwe nati, "Bambo, mbumba ndi imeneyi. Tayang'ana kwa inu." Aka kanali koyamba kuti mayi wondibala anditchule kuti bambo, ndiponso kundipatsa ulemu wa "inu". Ndidafuna kuseka, koma nkhope yawo sinali ya nthabwala.

Pasanathe miyezi itatu, mlongo wanga adayambana ndi alamu anga pa nkhani ya ndalama za nandolo. Ankhoswe akuchimuna adabwera, nkhalamba ziwiri za imvi, ndipo mpando woyang'anana nawo adaikira ine, mbeta ya zaka 25 imene sidagawanepo ndi mkazi ngakhale mtengo wa mchere. Tsiku limenelo ndidaphunzira kuti nkhoswe siithamangira kugamula. Imamvetsera, imafunsa, imalola aliyense kutsanula zakukhosi mpaka mkwiyo utaphwa, kenaka imabwereza mawu awo omwewo mofatsa kuti eni ake adzimvere okha. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu ena amanyoza unkhoswe kuti ndi zachikale. Ine ndimati amene akunena zimenezo sadakhalepo pampando umenewo. Banja lija lilipo mpaka lero, ndipo lidaonjezera mwana.

Za malata zidayenda motere. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera, ndipo nyumba ya mlongo wanga yemwe uja idagwa, mwamwayi onse atathawira kutchalitchi. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene adafufuta mitengo yakale m'kaundula wa sitolo n'kulemba yatsopano ndine ndemwe, ndi dzanja langali, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndalama zimene ndidasunga zaka zisanu zatsala zongokwana theka la denga. Ndidagula malata 14. Ali padenga la mlongo wanga. Mvula ikamagwa ndili kumeneko ndimamvetsera kulira kwake, ndipo sindinganame kuti mtima umakhala mbali imodzi.

Anzanga amene tidalemba nawo mayeso a MSCE adamwazikana. Wina ali ku Cape Town, amasamala maluwa pakhomo pa munthu ndipo adamanga kale kumudzi nyumba ya njerwa zootcha imene sadagonemo. Wina ali ndi ana atatu. Wina tidakamuika. Ndikadziyerekeza nawo sindipeza muyeso woti ndinene kuti uyu watsogola, uyu watsalira.

Chatsala pa kope lija ndi banja. Amayi adasiya kufunsa poyera, amangodandaula kuti msana ukuwapweteka asanabereke mdzukulu wochokera kwa ine. Mbeta ilipo, mphunzitsi wa ku Zomba, ndipo akwawo atumiza mawu kuti akufuna kuona ankhoswe anga dzinja lisanafike. Apa ndiye pagona vuto, pakuti munthu sadziimira yekha unkhoswe, ndipo amene akadandiyankhulira adagona mu 2021. Mwamuna amene watsala m'mbumba yathu ndi mng'ono wanga, wa zaka 22, amene mpaka lero ndimamlipirira sukulu. Ndamuuza kale kuti akabwereke jekete.