BIOS sinathawe, chitseko ndicho chitseka msanga

Ife amene tikhala m'maboding'i a ku Chalimbana ndi ku Silverest, malaputopu athu ambiri si atsopano. Anasewenzapo m'maofesi a kunja, ena akali ndi zomata za makampani amene sitiwadziwa, ndipo anafika kwa ife kudzera ku Town Centre kapena kwa msuweni amene anatsiriza maphunziro. Microsoft italeka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, aliyense anayamba kusakira flash disk. Wina afuna Windows 11, wina Ubuntu, wina angofuna kupha mavairasi. Kuchokera pamenepo dandaulo limene timva kawirikawiri muno mu Chongwe ndi limodzi: "Nachita format, manje BIOS yasowa."

Sinasowe ayi. BIOS, kapena UEFI monga itchedwa pa makina a masiku ano, siikhala pa hard disk. Ili pa kachipu kakekake pa bolodi ya mkati, ndipo ndiyo iyamba kuuka, kuona ngati kiyibodi, memory ndi disk zilipo, kenako n'kuitana Windows. Mungafufute disk kakhumi, iyo ili pomwepo. Chimene chasintha ndi kutalika kwa nthawi imene chitseko chake chikhala chotsegula.

Kuyambira pa Windows 8 mu 2012 pali Fast Startup, ndipo kawirikawiri imabwera yoyatsa kale mukaika Windows yatsopano. Mukadina Shut down kompyuta siizima yonse. Isunga mbali ya nchito yake mu fayilo pa disk kuti mawa iuke mothamanga, ndipo pa makina ena ithamanga kwambiri moti chala chanu chifika pa batani sitima itapita kale. Choyamba, sankhani Restart m'malo mwa Shut down, chifukwa Restart ndiye atseka zonse zenizeni. Ndipo osadikira kuti dzina la kampani lioneke pa skirini, yambani kugogoda batani nthawi yomweyo. Pa HP ndi Esc kenako F10, pa Dell ndi Acer ndi F2, pa ThinkPad ndi F1. Ma Lenovo ena ali ndi kabowo m'mbali kotchedwa Novo, kamene mutosa ndi pini laputopu ili yozima. Ikakana, yesani mutagwira Fn.

Palinso njira yodzera mkati mwa Windows momwe. Gwirani Shift podina Restart, sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options, kenako UEFI Firmware Settings. Laputopu idzakuperekezani yokha mpaka pakhomo.

Apa ndi pamene ambiri a ife mtima uyamba kugunda, chifukwa afika pa Advanced options n'kupeza mawu aja kulibe. Musanaganize kuti bolodi yafa, lembani msinfo32 pa Start n'kuyang'ana mzere wa BIOS Mode. Mukaona Legacy, mwapeza gwero. Windows yanu inalowa m'njira yakale, pa disk yogawidwa mwa MBR, ndipo Windows yotere ilibe njira youzira kachipu kaja kuti katsegule. Tidziwa mmene izi zichitikira. Flash disk imodzi izungulira boding'i yonse ngati mbaula, ndipo amene anaikonza pa Rufus anasankha MBR chifukwa makina ake ndi akalekale. Iye zinamuyendera. Onse obwereka pambuyo pake atengera zomwezo osadziwa.

Kuli kapulogalamu ka mbr2gpt, kamene kali mu Windows 10 kuyambira 2017, kosintha disk kuchoka ku MBR kupita ku GPT osafufuta mafayilo. Koma tichenjezane. Kakatsiriza nchito yake, muyenera kulowa mu BIOS n'kusintha kuchoka pa Legacy kupita pa UEFI, apo ayi laputopu siidzafikanso ku Windows. Ndiye musakayambitse musanatsimikize kuti batani lanu likulowetsani, ndipo asaimenti ikhale itakopedwa kale kwina. Amene mufuna Windows 11 simungazembe sitepe imeneyi, pakuti iyo ifuna UEFI, Secure Boot ndi TPM 2.0, ndipo zonsezi ziyatsidwa kuseri kwa chitseko chomwechi.

Mawu amene ife tiwaopa ndi akuti "ifunika kuflasha". Amisiri abwino aliko, ndipo tiwalemekeza. Koma ena aona mwana wa sukulu watsika basi atayenda makilomita oposa 40 pa Great East Road, nkhope yankhawa, laputopu m'chola, n'kutchula mawu amenewa asanayese ngakhale Esc. Mulipira basi popita ndi pobwera, mulipira iyeyo, musiya makina masiku awiri pamene mayeso ali pafupi. Kuflasha ndi kulembanso kachipu kaja kuyambira poyamba. Malaiti akapita nchito ili pakati, batire lanu lili lija losunga moto mphindi zisanu chabe, bolodi ingathe kufa zenizeni. Tonse tikumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene malaiti anali kubwera maola ochepa patsiku, nthawi zambiri usiku tili m'tulo. Kuika makina pangozi yotere chifukwa cha vuto la Restart, ife tikana.

Loko weniweni ndi mmodzi, ndipo sabwera ndi format. Makampani ambiri amaika pasiwedi pa BIOS ya malaputopu a anchito awo, ndipo makinawo akagulitsidwa, nthawi zina palibe amene akumbukira kuichotsa. Windows yakale inali kuyenda bwino, ndiye simunadziwe. Tsiku limene mufuna kusintha Secure Boot ndi limene kabokosi kofunsa pasiwedi kakuturukirani. Nzeru ya kuchotsa kabatire kozungulira ka CR2032 inali kuthandiza pa makompyuta akale a pa tebulo, koma ma ThinkPad, Latitude ndi EliteBook ambiri asunga pasiwediyo pamalo pamene kuchotsa kabatire sikufika. Mudzangosokoneza tsiku ndi nthawi.

Ndiye tikaperekeza mnzathu kukagula laputopu, ndalama ikhala m'thumba mpaka titanena kuti, "Akulu, tazimitsani mutilowetse mu BIOS tione." Tikalowa tisintha wotchi ndi mphindi imodzi n'kusunga. Ikalola, tiyamba kukambirana mtengo. Ikafunsa pasiwedi, kapena mabokosi onse akakhala otuwa osadinika, tithokoza n'kupita pa shopu ina.